Nyemba Khumi M'mbale

Chaka chimene mkazi wanga Tiyamike anamwalira ndinataya zinthu izi: iye mwini, nyumba ya njerwa zootcha imene ndinamanga kwawo ku Kandeu, munda wa mbatata ya kachewere umene tinkalima awiri, ndi kudzuka m'mawa n'kumva mwana wathu Tadala akuitana ali pamphasa. Ndinali mkamwini. Akuchikazi atandisudzula monga mwa mwambo, ndinanyamula chikwama cha zovala ndi mapepala anga a ku koleji n'kubwerera kwa mayi anga ku Nsipe. Mwana anatsala ndi agogo ake. Palibe amene anandilakwira. Ndi mmene timachitira.

Ntchito ndinaipeza kudzera mwa mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji. Ananditumizira uthenga pa foni wakuti bungwe lina lochita kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu likufuna anyamata ndi atsikana okafunsa mafunso m'midzi ya m'boma lathu. Pansi pa uthengawo anawonjezera mawu ake: "Usamangokhala m'nyumba iwe, pita." Ndinali ndisanalembedwepo ntchito chimalizireni sukulu. Ndinakwera minibasi kupita ku boma, ndipo kumeneko anatiyesa kuwerenga Chichewa mokweza, kulemba pa tabuleti, ndi kufunsa mafunso munthu amene ankachita dala kuyankha zokhotakhota. Ananditenga.

Pa maphunziro anatigawira zida. Aliyense analandira tabuleti ndi pawabanki yake, chitupa chopachika m'khosi, mapepala opemphera chilolezo, inki yodindira chala kwa amene salemba, ambulera, mbale ya pulasitiki, ndi kathumba ka nyemba. Nyembazo ndi zimene zinatiseketsa tonse. Wina anafunsa ngati imeneyo ndiyo alawansi ya chakudya.

Amene ankatiphunzitsa, yemwenso anadzakhala supavaiza wa gulu langa, anali Mayi Kachingwe, munthu wosataya mawu. Anaika mbale patebulo, nawerenga nyemba khumi pambali pake. Munthu wakumudzi, anatero, ukamufunsa za maperesenti umamuchititsa manyazi pachabe, koma ukamupatsa nyemba khumi n'kumuuza kuti aike m'mbale molingana ndi mmene akuonera kuti chinthu chichitika, amayankha bwino kuposa ophunzira ambiri. Mbale yopanda kanthu ndiye kuti sizingachitike n'komwe. Nyemba zonse khumi ndiye kuti palibe chikaiko. Zisanu ndiye kuti pakati ndi pakati.

Mafunsowo anali ndi ndondomeko yake. Umayamba ndi zopepuka, kuti munthu azolowere dzanja: kodi mawa kugwa mvula? Kodi mupita kumsika masiku awiri akubwerawa? Nanga masabata awiri akubwerawa? Ngati waika zochepa pa masabata awiri kuposa pa masiku awiri, ndiye kuti sanamvetse, ndipo umafotokozanso modekha. Akamvetsa umapitirira ku za chakudya, za matenda, mpaka kufika pa funso limene linali mtima wa kafukufuku yense: aike nyemba zosonyeza mmene akuonera kuti iyeyo angamwalire m'chaka chimodzi chikubwerachi, kenako m'zaka zisanu, kenako m'zaka khumi.

Mtsikana wina anafunsa kuti funso loopsa chotere n'lachiyani. Mayi Kachingwe anayankha kuti akatswiri ali nazo kale njira zodziwira kuchuluka kwa anthu amene amamwalira pa msinkhu uliwonse. "Chimene alibe ndi chimene chili mumtima mwa munthu," anatero. "Amene akuona kuti watsala pang'ono sabzala mtengo wa zipatso, sasungira mwana za sukulu, sapita kukayezetsa. Maganizo amenewo, olondola kapena olakwika, ndi amene amayendetsa moyo wake." Anatipatsanso lamulo limene ankalibwereza tsiku lililonse: munthu akayamba kuika nyemba, dzanja lako lisakhudze mbale, ndipo nkhope yako isayankhe. Pomaliza anati ngati alipo amene gawo limeneli lingamulemere, akamuone pambali. Sindinapite.

Ntchitoyo ndinaidziwa msanga, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinkaigwira bwino. Nkhope yanga inali itasiya kale kuyankha zinthu, choncho lamulo lija silinandivute. Ndinaphunzira kufika pakhomo ndi odi, kudikira mpando kapena mphasa, kuwerenga pepala la chilolezo lonse osadumpha, ndi kupempha kuti tikhale poduka mphepo pamene ena sangamve. Ndinaphunzira kusunga tabuleti pamthunzi, chifukwa ikatentha imazima yokha, ndi kuyenda ndi nyemba zapadera, chifukwa nkhuku sizidziwa za kafukufuku.

Anthu ankalandira funso la imfa mosiyanasiyana. Mayi wina wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu ku Nsipe anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati, "Mukufuna ndidziitanire maliro ndi nyemba? Bweretsani kuno ndikaphike." Anaseka, kenako anaika zinayi. Ambiri ankati zimenezo ndi za Mulungu. Apo tinaphunzitsidwa kuvomereza kuti n'zoona, Mulungu ndiye adziwa, koma ife tikufunsa mmene iwowo akuonera. Chimene chinkandidabwitsa chinali kuchuluka kwa nyemba zimene anthu amphamvu zawo ankaika. Bambo wobwera kumene kumunda, khasu lili paphewa, thukuta lili kamukamu, ankaika zisanu pa zaka zisanu osaphethira. Mayi Kachingwe ankati zimenezi n'zodziwika, anthu athu kawirikawiri amadziyikira imfa pafupi kuposa pamene ili. Chifukwa chake sindinkachidziwa, ndipo sinali ntchito yanga kuchifunsa.

Tsiku lovuta linandipeza ku Bwanje, m'nyengo yotentha mvula isanagwe. Galimoto inatisiya pamsewu wafumbi, aliyense nalowera kwake. Ine ndinatsata ngalande ya madzi a mpunga mpaka pa nyumba ya malata akale, pamene ndinayenera kufunsa bambo wina wachikulire. Anthu ankamutchula ndi mfunda wake, aNgozo. Pabwalo panali chisoti chachitsulo cha kumgodi chitagadamitsidwa, nkhuku zikumweramo madzi.

Anayamba kutuluka ndi akazi awo, anaJere, atanyamula mphasa. Pamene ankaiyala pansi pa mtengo wa mango analankhula motsitsa, osandiyang'ana. "Mwana wanga, mukamaliza zanuzo muwauze za kuchipatala. Atsokomola kuyambira dzinja. Ine atopa nane, mwina inu a chitupa m'khosi akumverani." Ndisanayankhe, mwini wake anatulukira.

Anali wamtali, wowonda, malaya akulendewera m'mapewa. Anandifunsa mfunda wanga, ndinati ndine Mbewe, ndipo kuyambira pamenepo ankanditchula aMbewe ngati ndine mnzawo wa msinkhu umodzi. Ndinawerenga chilolezo, anasaina okha ndi dzanja lokhazikika, ndipo anaJere anapita kuseri kwa nkhokwe kukapeta mpunga.

Pa mafunso a zaumoyo zinatuluka zonse. Anagwira ntchito ku migodi ya ku Joni ali mnyamata. Chifuwa chinawayamba kalekale, koma chaka chino chinakula, akutuluka thukuta pogona ndipo chakudya sichikulowa. Kuchipatala sanapite. Chigawo chawo cha mpunga ku sikimu ya ulimi wothirira anali atapereka kale kwa mphwawo. Ndinalemba zonse monga ananenera.

Nditatulutsa mbale anamwetulira. Pa mvula ya mawa anayang'ana kumwamba, naika ziwiri. Pa msika wa masiku awiri anaika imodzi, pa masabata awiri anaika zitatu. Panalibe chofotokozanso, munthuyo anamvetsa bwino lomwe. Ndinawerenga funso la chaka chimodzi monga linalembedwera. Anasonkhanitsa nyemba zonse ndi m'mphepete mwa dzanja, nazikhuthulira m'mbale.

Munthu akaika khumi, malamulo amati utsimikize. Ndinati, "Mwaika zonse, kusonyeza kuti mulibe chikaiko chilichonse. Ndi zimene mukutanthauza?"

"AMbewe, kuwerenga ndinaphunzira inu musanabadwe."

Ndinalemba khumi. Yankho likakhala limenelo, tabuleti imadumpha yokha mafunso a zaka zisanu ndi khumi, chifukwa alibenso ntchito. Nditayamba gawo lina anandidula.

"Za zaka zisanu simundifunsa?"

"Makinawa adumpha."

"Ali ndi nzeru makina anuwo." Anaseka, kusekako n'kusanduka chifuwa chimene chinatenga nthawi kuti chileke. Atapuma anakhuthula nyemba pamphasa, nakankhira mbale kumapazi anga. "Tsopano inu. Mwakhala mukuyenda m'makomo mwa anthu kuwafunsa za manda awo. Ikani zanu ndione."

Ndinawafotokozera kuti sindiloledwa, chifukwa yankho langa likhoza kukoka mayankho awo otsalawo. Anati ndiye iwonso atopa, tilekere pomwepo. Ufulu umenewo anali nawo, ndinali nditawawerengera ndekha papepala. Koma ndikanachoka pamenepo, ndikanachoka ngati mlendo amene wathamangitsidwa, ndipo mawu amene anaJere anandipempha sakanakhala ndi polowera. Ndinati, "Timalize kaye. Ndikatseka makinawa ndiika, ndikulonjeza." Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati pitirizani.

Tinamaliza za ziweto, za katundu wa m'nyumba, za ana amene ali kutali. Ndinasunga mayankho, ndinazimitsa tabuleti iwo akuona, ndinailowetsa m'chikwama, ndinavulanso chitupa m'khosi. Ndinati ntchito yatha, tsopano ndine mlendo wawo chabe. Ndinatola nyemba imodzi n'kuika m'mbale.

"Imodzi ya chiyani? Mnyamata wa mano onse ngati inu?"

"Mkazi wanga anamwalira chaka chathachi. Anali wamng'ono kwa ine."

Aka kanali koyamba kunena mawu amenewo kwa munthu wosandidziwa. ANgozo anavula chipewa, nachiika pabondo. "Pepani, aMbewe," anatero. Kuseri kwa nkhokwe lichero linali litasiya kulira. Kenako anati, "Ndiye inu mukudziwa zimene ndikunena."

"Chimene ndikudziwa n'chakuti mbale iyi ikanamupeza mkazi wangayo mwezi umodzi asanadwale, sakanaikamo ngakhale imodzi. Akanalakwitsa. Ngati munthu angalakwitse mbali imeneyo, angalakwitsenso mbali yanuyi."

Anapukusa mutu. Anati iwo sakulota, akuwerenga zimene aona ndi maso. Anayamba kutchula anzawo amene anapita nawo ku Joni kuchokera m'chigwa chomwecho, Laitoni, Bonifesi, Jemusi wa kutsidya kwa mtsinje, ndi ena. Onse anabwerera ndi chifuwa chomwechi ndipo onse anapita. "Manda awo ndinakumba nawo ine, ndili ndi mphamvu. Ndatsala ndekha. Kuchipatala ndikatayitsa anthu nthawi."

Ndinawafunsa ngati akudziwa munthu ngakhale mmodzi amene anatsokomola chonchi n'kuchira.

"Palibe."

"Alipo," anatero anaJere. Anali ataima pambali pa nkhokwe, lichero lili m'chiuno.

"Inu munauzidwa kuti mukhale kutali."

"Makina atseka, ndamva ndekha." Anabwera nakhala m'mphepete mwa mphasa. "Achimwene anga a Sitefano. Chaka chija munkati ayamba kunyada, asiya kubwera kumowa, ankamwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Ankakatengera ku chipatala cha kutali kuti anthu a kuno asawaone n'kuyamba kuwanenera matenda ena. Anandilumbiritsa kuti ndisauze munthu. Akafuna kundikalipira andikalipire."

ANgozo anatembenuka thupi lonse. "Alamu anga omwewa? Okwera njinga ndi matumba a mpunga kupita nawo kumsewuwa?"

"Omwewo."

"Chitsiru chimenecho chinachira osandiuza, chikundiona ndikutha chonchi?"

"Mukanawamvera? Inu mumamvera munthu?"

Pamenepo ndinaona kuti ndiyenera kusamala, kuti ndisalonjeze zimene sindikudziwa. Ndinawauza kuti ine si dokotala. Chifuwa cha fumbi la kumgodi chilipo, chifuwa chachikulu chiliponso, ndipo nthawi zina zimakhalira limodzi mwa munthu mmodzi. China chimachizika, china amangochichepetsa mphamvu. Kuti adziwe chawo n'chiti, akapereke makhololo akayezedwe. Ndinati zimene ndinganene n'zokhazo.

Anachotsa nyemba yanga ija m'mbale, nabwezeramo zawo khumi, naziyang'ana. Kenako anatola ziwiri n'kuziika pamphasa. "Izi ndachotsera alamu angawo. Lembani zisanu ndi zitatu."

"Sindingasinthe, ndatseka kale."

"Ndiye makina anuwo akanama kumene mukupita nawoko."

"Akanena zimene munkaganiza m'mawa uno."

Anavalanso chipewa. Sanalonjeze kuti apita kuchipatala, ndipo ine sindinakakamize. AnaJere anandiperekeza mpaka pangalande, nabwerera.

Nditafika pagalimoto ndinawaitanira pambali Mayi Kachingwe n'kuwafotokozera zonse, chifukwa zinthu zotere ukabisa zimaononga ntchito ya anthu ena kutsogolo. Anafunsa ngati yankho ndinalisintha, ndinati ayi. Anafunsa ngati ndinalankhula nditatseka, ndinati inde. Anati ndilembe pa malo a ndemanga kuti ndinawalangiza za kuchipatala, kuti amene adzabwere kudzawafunsanso adzadziwe chimene chinachitika pakati. Kenako anati, "Za akazi anu bwanji simunandiuze?"

"Mukanandichotsera gawo limenelo."

"Ndikanachotsadi."

"N'chifukwa chake."

Anandiyang'ana, nandiuza kuti ndikwere, dzuwa likupita.

Sabata yomweyo tikudutsa pa msewu wafumbi uja m'mawa, tinapeza njinga ikupalasidwa ndi bambo wojintcha, kumbuyo kwake kutakhala aNgozo atagwira chipewa. AnaJere ankabwera pambuyo atakwera kabaza, kathumba kali pamiyendo. Ndinapempha dalaivala kuti achepetse liwiro. ANgozo anandizindikira pawindo, nakweza dzanja. "AMbewe, tikukaonetsa chifuwa chija. Wopalasayu ndiye chitsiru chija ndinkanena." Bambo wojintchayo anangoseka, osasiya kupalasa. Zimene anakapeza kuchipatalako sindikuzidziwa. Gulu lathu linasamukira kumtunda, ndipo m'mudzi umenewo sindinabwererenso.

Tsiku lija ndinakhala pamphasa ndi aNgozo ndi limene ndinamvetsa chifukwa chimene anthu athu amadzazira mbale. Kwathu kuno maliro amalengezedwa. Uthenga umayenda mudzi ndi mudzi, masamba amaikidwa pamsewu, kumunda sikupitidwa, ndipo aliyense amakakhala pasiwa mpaka thupi litaikidwa. Munthu akamafika zaka makumi asanu amakhala ataperekeza anthu osawerengeka, ndipo onse amawakumbukira maina. Kuchira sikulengezedwa. Wochira amangodzuka tsiku lina n'kutenga khasu, ndipo ngati matenda ake anali ochititsa manyazi amabisa ngakhale kwa alamu ake. Ndiye munthu ukamupatsa nyemba amawerengera amene anawaika m'manda, chifukwa ndi okhawo amene anauzidwa. Si umbuli. Amawerenga molondola zimene anaonetsedwa.

Ntchitoyi ndikuigwirabe, ndipo masiku ano ndimathandiza kuphunzitsa atsopano. Ndimawauza kuti alembe chimene munthu waika, ngakhale chikuwawawa, chifukwa mantha a anthu ndi amene tatumidwa kukayeza, ndipo ukawakonza ndi dzanja lako akatswiri sadzadziwa kuti m'midzimu muli anthu amene akudikira imfa imene mwina sinawayandikire n'komwe. Ndimawauzanso kuti tabuleti ikatsekedwa amakhala anthu ngati wina aliyense, ndipo wodwala amauzidwa njira ya kuchipatala. Mapeto a mwezi ndimakwera kupita ku Kandeu kukaona Tadala. Wayamba kulankhula ziganizo zathunthu, ndipo apongozi anga amandilandira bwino.

Atsopanowo, akamva kuti ndinaferedwa, ena amalimba mtima n'kundifunsa ngati n'zoona kuti munthu amadziwa nthawi yake ikafika. Ndimayankha kuti ziwerengero zimanena za khamu la anthu, nyemba zimanena za mtima wa munthu, koma tsiku la munthu mmodzi palibe chimene chimalidziwa. Sindipitirira pamenepo. Chotsalacho ndilemba pano kamodzi kokha.

Tiyamike anagonekedwa m'chipatala ndi malungo aakulu, ndipo ine ndinakhala pambali pa bedi lake osachoka. Masana a tsiku limene anamwalira anatsitsimuka. Anadzuka yekha n'kukhala tsonga, anamwa phala, anafunsa ngati mwana akudya, anadandaula kuti kachewere wapitirira nthawi yokumba. Mayi ake anali pomwepo akupinda zitenje. Kenako anandiyang'ana, malaya anga amene ndinali ndisanasinthe chibwerereni, ndevu zosameta, ndipo anaseka.

"Bambo a Tadala, anthu aziyesa odwala ndinu. Pitani mukasambe, mundipeza."